Fodya wa ku Kasungu ndi Malikulu a Makampani m'Mizinda

Mbiri ya malikulu a makampani m'Malawi imayambira ku Mandala, mu Blantyre, kumene kampani ya African Lakes inamanga nyumba ya akuluakulu ake m'chaka cha 1882. Inali nyumba yosanja kamodzi, yokhala ndi khonde lalikulu lotchinjiriza zipupa ku mvula ndi dzuwa. Pa nthawiyo malo anali ambiri, motero nyumba zosungiramo katundu zinkangomangidwa pambali pake.

Fodya ndi njanji ndi zomwe zinakulitsa mzindawu. M'chaka cha 1908 sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre, ndipo kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe. Okushoni ya fodya inayamba ku Limbe komweko mu 1938, kenako mu 1956 matauni awiriwa anaphatikizidwa. Mabanki, masitolo ndi maofesi zinathithikana mumsewu wa Victoria Avenue ndi timisewu toyandikana nawo, pamtunda wotsetserekera ku mtsinje wa Mudi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ulimi wa fodya wa m'maesiteti unakula kwambiri m'zigwa za Kasungu, kwawo kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Makampani a General Farming ndi Press Farming, omwe anali pansi pa Press Holdings yokhazikitsidwa mu 1969, anatsegula minda yaikulu kumeneko. Zigafa, antchito ndi matenanti zinali ku Kasungu, koma ngongole, inshulansi ndi mabuku a ndalama zinkayendetsedwa kufupi ndi mabanki ku Blantyre. Kwa zaka zambiri likulu la Press linali m'nyumba ya Chayamba pa Victoria Avenue, yomwe dzina lake ndi la ku Kasungu.

Kumanga likulu pakati pa mzinda wothina kumafuna luso lina. Puloti imakhala yaing'ono ndi yodula, yopanikizidwa ndi msewu kutsogolo ndi nyumba za ena m'mbali, choncho wojambula mapulani amakweza nyumba m'mwamba. Mizati ya konkire ndi zitsulo ndiyo imasenza kulemera konse, zipupa n'kumangogawa zipinda. Chikepe, masitepe, zimbudzi ndi mapaipi amaziika pamodzi kuti malo otsala akhale a maofesi. Pansi penipeni amaikapo masitolo kapena banki, popeza m'pamene pamadutsa anthu ndipo lendi yake imabweza ndalama zomangira. Akuluakulu a kampani ndi chipinda cha misonkhano amakhala pamwamba, kutali ndi phokoso. Ntchito ya khonde la ku Mandala imagwiridwa ndi timadenga ndi timakoma ta konkire totchinga dzuwa pa mawindo. Pamafunikanso thanki ya madzi, jenereta, njira yothawira moto ndi poimika magalimoto, ndipo chomalizachi n'chimene chimasowa kwambiri pakati pa Blantyre.

Boma nalo linkakankhira mzindawu m'mwamba. Mu ulamuliro wa Kamuzu, nyumba zakale ndi zosaoneka bwino za pakati pa mzinda zinkalembedwa nyenyezi yofiira, kutanthauza kuti zikonzedwe kapena zigwetsedwe.

Lilongwe anatsata njira ina. Bungwe la Capital City Development Corporation, lokhazikitsidwa mu 1968, linagawa mzinda watsopano m'madera otalikirana, olekanitsidwa ndi mitengo, ndipo likulu la dziko linasamukira kumeneko mu 1975. Ku City Centre nyumba monga ya Reserve Bank ndi ya Kang'ombe zinaima pazokha, zooneka mbali zonse, magalimoto n'kumaima pabwalo. Kumeneko nyumba inkatalika pofuna ulemu, osati chifukwa chosowa malo.

Lero malikulu agawikana potengera ntchito. Makampani a zachuma akadali pakati pa mizinda, monga National Bank, yomwe masheya ake ambiri ndi a Press Corporation, ndipo likulu lake lili mu NBM Towers pa Henderson Street, mu Blantyre. Makampani ogula fodya amafuna malo oikapo mabelo ndi potembenukira malole, choncho ambiri anamanga maofesi awo pafupi ndi mafakitale ndi okushoni ku Kanengo, mu Lilongwe. Alimi a ku Kasungu amagulitsanso fodya pamsika wa Chinkhoma, m'boma lawo lomwe.