Maola, medical ndi zaka 65: chilankhulo cha oyendetsa ndege

Mu Disembala 1994 kampani ya Zambia Airways inatsekedwa, ndipo akatswiri amene ankaulutsa DC-10 yotchuka ija, Nkwazi, kupita ku London ndi ku New York anatsala manja ali m'khosi. Kampani ina, Zambian Airways, inagwa mu 2009, Zambezi Airlines nayo sinakhalitse. Proflight, imene Tony Irwin anaiyambitsa mu 1991, ndiyo yapirira, ndipo Zambia Airways yatsopano inayamba kuuluka mu Disembala 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Makampani ndi owerengeka, mipando ndi yowerengekanso. Oilimbirana ndi mnyamata wongomaliza sukulu, msilikali wopuma ku Zambia Air Force, ndi kaputeni wa imvi amene sanafune kusiya. Kholo la ku Emmasdale mu Lusaka limene likuganiza zogulitsa poloti kuti mwana akaphunzire kuyendetsa ndege liyenera kumva kaye chilankhulo cha anthu amenewa lisanasaine pepala lililonse.

Chuma cha woyendetsa ndege ndi maola, ndipo amasungidwa mu logbook. Ndinaliona buku lotere kwa mkulu wina wa ku Emmasdale komweko, amene anyamata a pamsewu amangomutcha ba Captain. Chikuto chake chinali chitayera m'mphepete chifukwa chogwiridwagwiridwa. Mzere uliwonse ndi ulendo umodzi: tsiku, mtundu wa ndege, nambala yake yoyamba ndi 9J monga ndege zonse zolembetsedwa m'Zambia, kochokera, kopita, maola a masana, maola a usiku, maola ouluka m'mitambo mongodalira zipangizo. Panali gawo lina limene chala cha mkuluyo chinkachedwapo, lolembedwa PIC. Amenewo ndi maola amene iye ndiye anali mwini ulendo, woyankha mlandu zinthu zikalakwika. Olemba ntchito amayamba kuyang'ana pamenepo, chifukwa ola la kaputeni ndi ola la first officer, wokhala mpando wa kumanja, sizilemera mofanana.

Malaisensi amakwera ndi maola omwewo. Malinga ndi miyezo ya ICAO, bungwe la maiko loona za ndege, PPL imafuna maola 40, ndipo imakulola kuuluka koma osalandira malipiro. CPL, laisensi yodyera, imafuna maola 200, kapena 150 ngati waphunzira pasukulu yovomerezeka. ATPL, yokhayo yolola munthu kukhala kaputeni wa ndege zikuluzikulu za anthu, imafuna maola 1,500. Apa ndi pamene makolo ambiri amanamizika. Amaganiza kuti mwana akabwera ndi CPL kuchokera ku ZASTI, sukulu ya pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kapena ku South Africa, ndiye kuti zatheka. Komatu pakati pa 200 ndi 1,500 pali mtunda wautali umene palibe sukulu ingamuyendere. Amauyenda yekha, kunyamula alendo pa Cessna Caravan kupita ku Mfuwe kapena ku Lower Zambezi, kapena kuphunzitsa ena pa tindege ta injini imodzi. Ukamva wina akuti ali ndi frozen ATPL, akutanthauza kuti mayeso olemba anakhoza koma maola sanakwane.

Maola saola, amakhala m'buku mpaka kale. Zinazo zimatha, ndipo m'mene zimathera ndi m'mene ndalama zimatulukira. Medical, chiphaso cha dokotala cha Class 1, imakhala miyezi 12; ukafika zaka 60 uli pa ntchito yonyamula anthu, uzikaonekera miyezi 6 iliyonse. Kuthamanga kwa magazi, shuga, maso kapena mtima zingamutsitse munthu wa maola zikwizikwi tsiku limodzi. Kukhala current ndiye kuti m'masiku 90 apitawa wanyamuka ndi kutera katatu pa ndege ya mtundu umenewo. Amene ali pa ntchito saziganizira n'komwe, zimangochitika. Wopuma kapena wochotsedwa amaziwerenga pakalendala, chifukwa kuti abwerere ayenera kulipira yekha. Msilikali naye, ngakhale ataulutsa ndege zankhondo zaka zambiri, ayenera kukalemba mayeso a Civil Aviation Authority asanapatsidwe laisensi ya anthu wamba.

Mawu amene amasowetsa tulo ndi type rating. Laisensi imati ndiwe woyendetsa ndege. Type rating imati ndege iti. Wodziwa Jetstream 41 sangangokwera CRJ kapena Dash 8, ndipo wa DC-10 alibe chilolezo pa Boeing 737. Ndege iliyonse yaikulu ili ndi maphunziro ake ndi mayeso ake mu simulator, chipinda chogwedezeka chimene chimayerekeza moto wa mu injini, mphepo yamkuntho ndi ngozi zina zosayeseka m'mwamba. Kuti munthu wa ku Lusaka akalowemo amapita kunja, monga ku Johannesburg kapena Addis Ababa, ndipo kumeneko kwacha salandira.

Tsono alipire ndani? Kampani yabwino imalipira n'kukusainitsa bond, pangano lakuti uigwirira ntchito zaka zakutizakuti, ukachoka msanga ubweza gawo lotsala. Ine sindionapo cholakwa bola pepalalo linene momveka kuti ngongole izichepa mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti kampani ikatseka kapena ikakuchotsa ngongoleyo yafa. Njira ina ndi yodzilipirira rating usanalembedwe, poyembekezera mwayi. Ambiri atenthedwa nayo, pakuti rating yopanda maola pa ndegeyo imatha mphamvu munthu akadali pakhomo. Yoipitsitsa ndi pay to fly, kumene woyendetsa amalipira kampani kuti akhale mpando wa kumanja ndege itadzaza ndi anthu ogula matikiti. Kumeneko n'kugula ntchito. Mpando umapita kwa mwana wa olemera, ndipo munthu wangongole yotere amaopa kunena kuti ndatopa kapena ndegeyi sinakonzedwe bwino.

Kenako pali nambala imene aliyense amaidziwa pamtima: 65. Malamulo a ICAO salola munthu wa zaka 65 kuyendetsa ndege yamalonda yodutsa malire, ndipo ngati ali yekha wopanda mnzake malirewo ndi 60. Kale makaputeni onse ankalekezera pa 60. Mu 2006 ndi pamene anakweza, ndipo mu 2025 bungwe la makampani a ndege la IATA linapempha kuti zifike 67. Kaputeni wotuluka pamenepa, medical yake ikadali bwino, amatsikira ku tintchito ting'onoting'ono, komwe mnyamata wa maola 200 akudikira. Mwini ndege savutika posankha, chifukwa a inshuwalansi amafuna maola ambiri, ndipo wa penshoni amatha kuvomera malipiro amene wangongole sangakhalire moyo. Sindiwada akuluwo. Penshoni ya kwacha sigula zimene inkagula, ndipo munthu amene wakhala m'mwamba moyo wake wonse savomera msanga kukhala pakhonde.

Koma mpando wa Caravan kwa iye ndi wongotayitsa nthawi, pamene kwa mnyamatayo ndi khomo lokhalo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo malo oyenera kaputeni wotere alipo ndi maina ake: instructor wa pansi, instructor wa mu simulator, examiner woyesa anzake, inspector wa ku Civil Aviation Authority. Ntchito zambiri mwa izi sizitsekedwa ndi zaka 65, ndipo dziko limene ndege zake zinaletsedwa kulowa mu European Union kuyambira 2009 mpaka 2016 chifukwa chofooka pa kuyang'anira likudziwa mtengo wosowa anthu otere. Vuto ndi lakuti kuphunzitsa nakonso kuli ndi rating yake, yolipira. Imeneyo ndiyo ndikanakonda makampani ndi ZASTI azimulipirira kaputeni asanapume, kutatsala zaka ziwiri kapena zitatu, medical ikadali m'manja.