Phytophthora ramorum: Mafuko a Kachirombo Kopha Mitengo ya Larch

Phytophthora ramorum ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, kofanana ndi fangasi, komwe kachititsa kuti mitengo ya larch mamiliyoni idulidwe ku Britain ndi ku Ireland kuyambira m'chaka cha 2009. Ku United States, kachirombo komweka kapha mitengo yochuluka ya oak ndi tanoak m'madera a California ndi Oregon. Akatswiri atafufuza DNA yake anapeza kuti chionongeko chonsechi chachitika ndi mafuko anayi okha a kachiromboka, pamene kwawo, kum'mawa kwa Asia, mafuko ake ndi ambiri.

Mtengo wa larch

Larch ndi mtengo wa m'banja limodzi ndi paini, ndipo umamera m'mayiko ozizira a kumpoto. Masamba ake ndi onga singano, koma mosiyana ndi paini, larch amayoyola masamba onse nyengo yachisanu ikamayandikira. Matabwa ake ndi olimba, sawola msanga, ndipo amagwira ntchito pomanga mipanda, maboti ndi makoma akunja a nyumba.

Ku Britain kuli mitundu itatu: larch wa ku Ulaya, larch wa ku Japan, amene anafika m'dzikolo mu 1861, ndi wa haibulidi wochokera ku mitundu iwiriyo. Eni nkhalango anakonda wa ku Japan chifukwa amakula msanga komanso amapirira ku matenda a zilonda za pa thunthu, obwera ndi fangasi ya Lachnellula willkommii, omwe ankasautsa larch wa ku Ulaya. Mtengo wopirirawo ndi umene Phytophthora ramorum anayamba kuugwira.

Momwe kachiromboka kamaphera mtengo

Dzina loti Phytophthora likuchokera ku Chigiriki ndipo limatanthauza "wowononga zomera". Ngakhale kamakula ndi timaulusi ngati fangasi, kachiromboka kali m'gulu lina lomwe chibale chake chili pafupi ndi ndere zofiirira za m'nyanja zamchere. Mbale wake wodziwika ndi Phytophthora infestans, amene amayambitsa chiwawu pa mbatata ya kachewere ndi tomato, ndipo ndi amene anadzetsa njala yaikulu ku Ireland kuyambira mu 1845.

Pa larch, kachiromboka kamabala timbewu tambirimbiri pamasamba, makamaka masambawo akatsala pang'ono kuyoyoka. Mvula ya mphepo ndi chifunga zimanyamula timbewuto kupita ku mitengo ina, ndipo poti larch ndi wamtali, timafika kutali. Tikalowa m'khungwa, mtengo umatuluka utomoni m'zilonda, nsonga za nthambi zimafota, ndipo chilonda chikazungulira thunthu lonse mtengowo umauma. Timbewu tina ta chikopa chokhuthala timatha kukhala ndi moyo m'nthaka ndi m'zinyalala za masamba kwa zaka zingapo.

Mbiri ya kufalikira kwake

Matendawa anayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1990 m'malo awiri otalikirana: pa zitsamba za maluwa za rhododendron ndi viburnum m'manazale a ku Germany ndi Netherlands, komanso pa mitengo ya m'nkhalango ku California. Mu 2001 Sabine Werres wa ku Germany ndi anzake anafotokoza kachiromboka mwasayansi ndi kukapatsa dzina. Ku Britain kanapezeka koyamba mu 2002 pa mbande za viburnum.

Kwa zaka zingapo kankaoneka ngati vuto la m'manazale, m'minda ya maluwa ndi mitengo yochepa chabe. Zinthu zinasintha mu 2009 pamene kanapezeka pa larch wa ku Japan kum'mwera chakumadzulo kwa England. Mu 2010 kanaonekanso pa larch ku Wales, Northern Ireland, Ireland ndi Scotland, ndipo m'chaka chomwecho Clive Brasier ndi Joan Webber a bungwe la Forest Research analemba za mliriwu m'magazini ya sayansi ya Nature. Chaka cha 2012 chinali cha mvula yambiri, ndipo mu 2013 matendawa anabuka mwamphamvu ku Galloway, kum'mwera chakumadzulo kwa Scotland, ndi kum'mwera kwa Wales. Mu 2017 anapezeka pa larch m'chigawo cha Brittany ku France.

Mafuko anayi

Ku Ulaya ndi ku North America, kachiromboka kamachulukana popanda kukwatana. Zili ngati chinangwa chobzalidwa podula mtengo wake: mbewu yatsopano imatenga chibadwa chonse cha kholo lake. Kusiyana komwe kumapezeka mkati mwa fuko limodzi ndi kochepa, ndipo kumadza chifukwa cha kusintha kwakung'ono kwa DNA m'kupita kwa nthawi.

Fuko la NA1 ndilo linayambitsa imfa ya mitengo ya oak ku California. La NA2 linadziwika koyamba m'manazale a kumadzulo kwa North America. La EU1 ndilo lofala ku Ulaya, ndipo ndilo lapha larch wambiri ku England ndi Wales. La EU2 linalengezedwa mu 2012 ndipo limapezeka ku Northern Ireland ndi kumadzulo kwa Scotland. Poyesa m'malabotale, EU2 inaonetsa kuti imadya khungwa la larch mofulumira kuposa EU1.

DNA ikusonyeza kuti mafuko anayiwa anasiyana kalekale, zaka zikwizikwi malonda a mbande asanayambe. Izi zikutanthauza kuti sanabadwire ku Ulaya kapena ku America, koma fuko lililonse linalowa palokha kuchokera kwina, mwachidziwikire kudzera m'zomera zogulitsa. Mafukowa akupitirizabe kuyenda: EU1 inapezeka m'nkhalango za Curry County ku Oregon mu 2015, ndipo NA2 inapezeka m'nkhalango za Oregon mu 2021.

Kwawo kwenikweni

Mu 2017 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Thomas Jung linapeza kachiromboka m'nkhalango zachilengedwe za m'mapiri a kumpoto kwa Vietnam, kufupi ndi phiri la Fansipan. Kanapezekanso kum'mwera chakumadzulo kwa Japan, pa zilumba za Shikoku ndi Kyushu. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2021 zinaonetsa mafuko ena asanu ndi atatu omwe sankadziwika. M'nkhalango zimenezo kachiromboka sikapha mitengo mwaunyinji. Kuchuluka kwa mafuko ndi kuchepa kwa chionongeko ndi zizindikiro zoti kakhala limodzi ndi zomera za kumeneko kwa nthawi yaitali, mpaka zomerazo zinazolowera.

Kuopsa kwa kusakanikirana

Kuti kachiromboka kakwatane, pamafunika mbali ziwiri zotchedwa A1 ndi A2. Mafuko a ku Ulaya ndi a mbali ya A1, kupatula timagulu tochepa kwambiri, pamene NA1 ndi NA2 ndi a mbali ya A2. Ku Asia mbali zonse ziwiri zilipo. Akatswiri atakwatitsa EU1 ndi NA1 m'labotale, timbewu tochepa tokha tinamera, ndipo tambiri tinali ndi chibadwa chosokonekera. Komabe nkhawa ndi yakuti mafuko atsopano ochokera ku Asia akhoza kukwatana mosavuta ndi omwe alipo kale, n'kubala ana otha kugwira mitengo ina kapena kupirira nyengo zina. Mtengo wosankhidwa chifukwa chopirira fuko limodzi sungakhale wotetezeka ku mafuko onse.

Njira zolimbana ndi matendawa

Palibe mankhwala ochiza mtengo wodwala m'nkhalango. Ku Britain akuluakulu a za nkhalango amayendera mitengo ndi helikoputa, ndipo akapeza matenda amapereka chikalata chalamulo chokakamiza mwini malo kudula mitengo yodwala ndi yoyandikana nayo. Matabwa ake amagwirabe ntchito, koma amanyamulidwa ndi kuchekedwa ndi okhawo omwe ali ndi chilolezo. Madera ambiri akumadzulo kwa dzikolo asiya kubzala larch. Anthu oyenda m'nkhalango amapemphedwa kutsuka matope ku nsapato ndi ku matayala a njinga, ndipo apaulendo amaletsedwa kulowa ndi mbande kapena dothi kuchokera kunja popanda ziphaso za umoyo wa zomera.