Memeza: Kaseti Imene Inavinitsa Amai Athu m'Zaka Zowawa

Pali nyimbo zina zimene sitikumbukila tsiku limene tinazimva koyamba, cifukwa tinazipeza zili kale m'nyumba monga mbale ndi mipando. Kwa ambili a ife amene tinali ana ku Matero, Chawama, Mtendere, Kanyama kapena m'makomboni a ku Chipata ndi Kabwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imodzi mwa nyimbo zotelo ndi "Vuli Ndlela" ya Brenda Fassie. Ili pa cimbale cochedwa Memeza, cimene mu 1998 cinagulidwa kupambana cimbale cina ciliconse ku South Africa. Ife ana tinali kumvamo cisangalalo cokhacokha. Lomba popeza takula, ndi bwino tidziwe kumene cisangalalo cimeneco cinacokela, pakuti woimba wake ndi makolo athu amene anali kucivina onse anali atangopyola pamoto.

Mtsikana wa ku Langa

Brenda Fassie anabadwa pa 3 November 1964 ku Langa, komboni ya anthu akuda pafupi ndi Cape Town. Anali citsilizila m'banja la ana 9. Amai ake anali kuliza piyano, ndipo anam'patsa dzina la woimba wa ku America, Brenda Lee. Atate ake anamwalila iye akali mwana wamng'ono, motelo anayamba kuimbila alendo odzaona malo kuti pakhomo papezeke kangacepe. Atafika zaka 16, katswili wojambula nyimbo, Koloi Lebona, anamva mau ake ndi kupita naye ku Johannesburg.

Mu 1983, pamodzi ndi gulu la Big Dudes, anatulutsa "Weekend Special", nyimbo ya m'Cingelezi yokamba za mkazi amene mwamuna amam'kumbukila kumapeto kwa sabata cabe. Nyimboyi inam'chukitsa usiku umodzi. Kaimbidwe kameneko, ka makiyibodi ndi ng'oma za makina, anthu anakacha bubblegum, ndipo ena anali kuchula dzinalo monyoza, ngati cingamu cimene umatafuna pang'ono n'kulavula. Komabe ndiko kanali kulila m'mashabini a Soweto pamene magalimoto a asilikali a boma la tsankho anali kuzungulila m'miseu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Brenda anayamba kugwila nchito ndi Sello Twala, amene aliyense amam'dziwa kuti Chicco. Awiliwa anatulutsa "Too Late for Mama" mu 1989, ndiponso "Black President", nyimbo yotamanda Nelson Mandela, mu 1990. Kuno kwathu nkhani imeneyo sinali yacilendo. Likulu la cipani ca ANC linali mu Lusaka kwa zaka zambili, Oliver Tambo anali kukhala pakati pathu, ndipo Mandela atatuluka m'ndende pa 11 February 1990, anafika mu Lusaka pa 27 mwezi womwewo, patangopita masiku 16. Ngakhale msika wathu waukulu unatenga dzina la Soweto. Mau a mtsikana wa ku Langa anali kugwela m'makutu amene anali kudziwa kale za kwao.

Kenako zinthu zinasokonekela. Ukwati wake wa mu 1989, umene unadya ndalama zambili, unatha patangopita zaka zocepa. Analowelela m'mankhwala osokoneza bongo, anayamba kujomba kumalo kumene anthu anali atalipila kale kuti amuone, ndipo nkhongole zinam'panikiza. Mu 1995 anam'peza m'cipinda ca hotela ina ku Hillbrow, pambali pake pali mtembo wa mkazi amene anali kukondana naye. Manyuzipepala anam'dya wamoyo, ndipo ambili anati zake zatha. Atapita kukalandila thandizo, anayesanso mu 1996 ndi cimbale ca Now Is the Time, mmene anaimba ndi Papa Wemba wa ku Congo. Koma cimene cinam'dzutsa kotheleatu ndi kubwelelana kwake ndi Chicco, ndipo pamenepo ndi pamene panabadwa Memeza.

Mau akuti memeza atanthauza kuti fuula. Cimbaleci n'cacifupi: cili ndi nyimbo zowelengeka, monga "Qula", "Sum' Bulala" ndi "Vuli Ndlela", ndipo zina mwa izo anazibweleza m'kamvekedwe kena. Brenda anaika Cingelezi pambali ndi kuimba m'zinenelo za kwao, Cizulu ndi Cixhosa. Chicco anatenga kugunda kwa kwaito, kumene acinyamata a ku Soweto anali atangoyambitsa, ndi kukusakaniza ndi mau ovomeleza amene amamveka ngati kwaya ya m'chalichi. Mau a Brenda nawonso anali atasintha. Anali olemela, osasa pang'ono, mau a munthu amene analilapo usiku wonse.

Mmene Zambia inalili

Kuti timvetse cifukwa cake kaseti ya ku Johannesburg inalanda makomboni athu, tiyenela kubwelela m'mbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zolila pa wailesi ya boma zikhale za muno. Lamuloli linapatsa mpata magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, ndipo ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inali kupanga malekodi. M'zaka za m'ma 1980 kalindula inatenga malo, ndi magulu monga Amayenge, Shalawambe ndi Serenje Kalindula. Koma mtengo wa kopa unali utagwa, ndalama zakunja zogulila zipangizo zinasowa, ndipo matenda a AIDS anakolola oimba ambili. Paul Ngozi anamwalila mu 1989, P.K. Chishala mu 1995. Makampani a nyimbo anafooka, ndipo woimba wa muno anasowa kojambulila ndi kogulitsila.

Pamene a Frederick Chiluba analowa m'boma mu 1991, zipata za malonda zinatseguka. Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba mu Cairo Road mu 1995. Radio Phoenix inayamba kuulutsa mu 1996, ndipo sinali kudikila cilolezo ca munthu kuti iike nyimbo yakunja. Amalonda odutsa pa Chirundu anali kubwelako ndi zikwama zodzala nsapato, mabulangete ndi makaseti. Mpata umene oimba athu anasiya unadzazidwa ndi rhumba ya Koffi Olomide ndi Pepe Kalle kucokela kumpoto, ndiponso Yvonne Chaka Chaka, Lucky Dube ndi Brenda kucokela kum'mwela.

Zipata zomwezo zinalowetsanso mphepo yozizila. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, mabasi a UBZ anazimilila, ndipo makampani ambili a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa. Atate amene anali kunyamuka m'mawa ndi tayi anayamba kuswela pansi pa mtengo wa mango, kudikila ndalama zao za penshoni zimene sizinali kubwela. Amai ndiwo anagwila nyumba, ena ndi salaula, ena ndi vitumbuwa, ena ndi kantemba ka tomato ndi tupamela twa unga. Sukulu ya pulaimale inali yolipila kufikila 2002, motelo ambili a ife tikumbukila kubwezedwa kunyumba cifukwa ca ndalama. Ndipo msewu wopita ku Chingwere ndi ku Leopards Hill sunali kuuma malole a malilo. M'nyumba zambili munali ana a malemu amalume kapena a malemu azakhali, ogona anayi pa mphasa imodzi. Memeza inatipeza m'zaka zimenezo.

Kaseti ya komboni yonse

Ndi ocepa amene anali ndi kaseti yeniyeni yocokela ku kampani. Zambili zinali zokopela, zogulidwa pa Soweto kapena ku Kamwala, cithunzi ca pacikuto cili cozilala ngati canyowa ndi mvula. Ena anali kungogula kaseti yopanda kanthu ndi kupita nayo kwa mnansi amene anali ndi wailesi ya zitseko ziwili. Dzina la Brenda linali kulembedwa ndi bolopeni pa kapepala, nthawi zina molakwika, ndipo kumbuyo kwake kunali kukhala Awilo Longomba. Pa makaseti otelo Brenda ndi Chicco sanalandilepo ngakhale ngwee imodzi, koma ndi mmene nyimbo zao zinafikila pakhomo lililonse.

Mwana aliyense wa nthawi imeneyo anali makanika wa kaseti. Kuibweza kumbuyo ndi wailesi kunali kudya mabatili, motelo tinali kulowetsa bolopeni pa kabowo ndi kuizungulitsa m'mwamba mpaka dzanja litawawa. Wailesi ikatafuna tepi, tinali kuisolola pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba, kudula pamene yakwinyika ndi kulumikiza ndi Cutex ya asisi. Pamalo olumikizawo nyimbo inali kudumpha, ndipo ena mpaka lelo akamva "Vuli Ndlela" pa foni amadikila kudumpha kuja, cifukwa ndi mmene inalowela m'mutu. Mabatili akatha mphamvu tinali kuwayanika padzuwa, mau a Brenda n'kumakoka ngati a mwamuna woledzela. Kaseti imodzi inali kuyenda nyumba zisanu pa sabata, ndipo mikangano ina ya pa mpopi inayambila pa funso lakuti ndani anali nayo komaliza.

Koma nyumba yake yeniyeni inali pa ukwati ndi pa kichini pati. Kwa milungu ingapo ukwati usanacitike, a line-up anali kusonkhana madzulo pabwalo la a matron kuphunzila masitepe, ife ana tili pa mpanda kusuzumila ndi kutengela. Mwana amene anasankhidwa kuvina ndi mpeni wa keke anali mfumu ya komboni mwezi wathunthu. Ku kichini pati amuna ndi ana sanali kuloledwa, koma mau a zokuzila mau analibe mpanda. Ng'oma za alangizi zikapuma, Brenda anali kulowa, ndipo tinali kumva nthungululu za amai athu kucokela kutali.

Ambili sitinali kudziwa Cizulu, ndipo tinali kuimba zimene khutu latola. Komabe tanthauzo silinali patali. Dzina la nyimboyo litanthauza kuti tsegulani njila, ndipo ndlela ndi njila ndi mau apacibale. Angoni a kwa Mpezeni, amene makolo ao anaoloka Zambezi mu 1835 motsogoleledwa ndi Zwangendaba, anacokela kudela komweko kumene zinenelo zimenezi zimakambidwa. M'nyimboyo, mai akukondwela kuti mwana wake wamwamuna akukwatila, ndipo akuuza anansi amisece, amene anali kunena kuti mnyamatayo sadzapeza mkazi, kuti apatuke.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mai wa ku Chawama amene amuna ake anacotsedwa nchito, amene anaika m'manda mng'ono wake ndi kutenga ana ake, amene anansi anali kumuwelengela masiku amene pakhomo pake sipanafuke utsi, anali kudziwa bwino kulemela kwa misece. Kufikitsa mwana pa ukwati m'zaka zimenezo kunali kupambana nkhondo. Ndipo amene anali kumuimbila nyimboyo anali mkazi amene dziko lake lonse linamuseka ndi kumuika m'manda akali moyo. Pamene amai athu anali kumanga citenge m'ciuno ndi kulowa m'bwalo, anali kuyankha anthu amene ife ana sitinali kuwadziwa. Ife tinali kuona mapazi cabe.

Zimene zinatsatila

Ku South Africa nyimboyi inakula mpaka cipani ca ANC cinaigwilitsila nchito pokopa anthu pa masankho a mu 1999, amene anaika Thabo Mbeki pa mpando. Brenda anatsatiza ndi zimbale zina zimene zinagulidwa kwambili, monga Nomakanjani ndi Amadlozi, ndipo mu 2001 magazini ya Time inamucha Madonna wa m'makomboni. Koma mankhwala aja sanamuleke. Mu April 2004 anakomoka kunyumba kwake, ndipo ali m'cipatala Mandela ndi Mbeki anapita kukamuona. Anamwalila pa 9 May 2004 ali ndi zaka 39. Lelo ku Newtown mu Johannesburg kuli cifanizilo cake ca mkuwa, atakhala pa kampando, pambali pake pali kampando kena kopanda munthu.

Kuno kwathu, caka ca 1999 cinabweletsa kusintha. Kampani ya Mondo Music inayamba kujambula acinyamata a muno, ndipo Daddy Zemus ndi cimbale cake ca Chibaba, Black Muntu ndi Wisakamana, kenako JK, anaonetsa kuti Cinyanja ndi Cibemba ca m'tauni cingakwele pa ng'oma za makina ndi kugulitsa. Acinyamata amenewo anali ataona ndi maso ao mmene komboni yonse inali kuvinila nyimbo za m'cinenelo ca eni ake, zokamba za ukwati, nsanje ndi anansi. Inu amene mumvela amapiano lelo, dziwani kuti agogo ake ndi kwaito ija imene Chicco anaika pansi pa mau a Brenda.

Makaseti aja ambili anatha. Ena anadyedwa ndi cinyezi m'masutikesi, ena anatayika posamuka nyumba za lendi. Nyimbo zake zilipo pa YouTube, zoyela bwino, zosadumpha, ndipo mungamvele cimbale conse m'minibasi musanafike m'tauni. Cimene simudzacipeza pa intaneti ndi mbali ya nkhaniyi imene ili ndi amai anu, azakhali anu kapena ambuya anu. Tsiku lina muwaikile Memeza, ndipo ikatha muwafunse kuti mu 1998 anali kugulitsa ciani, anali kusunga ana angati, ndipo ukwati woyamba umene anavinapo nyimboyi unali wa ndani. Ambili a iwo sanafunsidwepo.