Mmene makolo ankatchingira dzuwa la m'mawa ku Thyolo

Kale kuno ku Thyolo, azungu akulembabe dzina la boma lathu kuti Cholo, munthu sankadikira kuti dzuwa lilowe kuchipinda kenaka n'kumalimbana nalo. Ankalitsekereza lidakali panja, adzukulu anga, ndipo mphepo yokha ndiyo inkapatsidwa njira.

Tiyi anayamba kudzalidwa kuno mu 1908, ku Bandanga, atakhazikika kale ku Mulanje. Makolo athu ambiri, Alomwe ochokera ku Mozambique, anapeza pokhala m'minda ya azungu, malowo n'kumalipira ndi thangata. Wothyola tiyi dzuwa silinkamupeza pamphasa. Tambala wachiwiri akalira iye wanyamula kale dengu, kuopa kuti kapitawo angamudule tikiti. Amene dzuwa la m'mawa linkawazunza anali alonda ndi anthu a usiku m'fakitale. Kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amaphuka mosalekeza, ndipo makina ankalira usiku wonse. Munthu aweruke kutayera, maso ali psuu, dzuwa latulukira kale mbali ya ku Mulanje cha m'ma 5 koloko. Agone bwanji?

Nyumba yaudzu inkadziwa yokha kupuma. Pakati pa khoma ndi denga pankatsala mpata wolowa dzanja, kuzungulira nyumba yonse, ndipo mpweya wotentha unkatulukira pamenepo limodzi ndi utsi. Udzu wa denga unkatsikira pansi kwambiri, moti mlendo ankawerama polowa pakhonde. Zenera likakhalapo linali kabowo kapamwamba, ndipo womanga wanzeru sankaliloza kum'mawa.

Koma khonde palokha silikwanira, ndipo apa mpamene omanga ambiri a lero amaphonya. Khonde limagwira dzuwa la masana, lija lochokera pamutu. La m'mawa limabwera chogona, n'kudutsa pansi pa denga mpaka kukagunda khoma. Ngakhale nyumba za mabwana, monga ija Maclean Kay anamanga ku Satemwa mu 1928, patatha zaka zisanu atatsegula esitetiyo, zinali ndi makonde aakulu, komabe mitengo ya pabwalo ndiyo inkathandiza dzuwa likadali m'munsi. Ife eni mudzi tinali ndi nsungwi ndi bango.

Bambo anga ankagwira ntchito ya usiku. Ndimawaonabe atakhala pa chitsa akung'amba nsungwi ndi chikwanje, timizere topyapyala, n'kumatiluka ndi luzi motayanatayana, kusiya mipata yoti chala cha mwana n'kulowa. Chotchingacho sankachikhomera pazenera. Ankachimangirira kunsanamira za khonde, kutalikirana ndi khoma ngati mkono umodzi, m'munsi n'kusiya danga lofika m'bondo. Dzuwa linkathera pansungwipo, khoma osatentha, pamene mphepo inkazembera m'munsi ndi m'mbali n'kulowa pazenera lotsegula. Nthawi ikamapita cha m'ma 10 koloko, mayi ankachikulunga n'kuchimanga m'mwamba, chifukwa apo dzuwa lakwera ndipo denga latenga ntchito.

Nzeru imeneyi bambo ankati tiyi amene anawaphunzitsa. Masamba akathyoledwa sayanikidwa padzuwa, angapse n'kufiira. Ankawayala pa ziguduli m'chipinda chapamwamba cha fakitale, chamthunzi koma chodutsa mphepo mbali zonse, kuti afote pang'onopang'ono usiku wonse. Munthu wotopa naye amafuna zomwezo, mthunzi ndi mpweya woyenda.

Ena ankadzala nthochi kum'mawa kwa nyumba, mapazi angapo kuchokera pakhoma kuti udzudzu usachuluke pakhomo. Masamba ake ndi otambalala, amaswa kuwala koma mphepo imadutsa. Thyolo inali kwawo kwa nthochi matenda a chisaka asanazimalize, ndipo zitatha zija makomo ambiri anatsala pambalambanda. Anthu analira ndalama za nthochi, koma mthunzi umene unapita nazo sanautchule.

M'miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, zonse zinkatembenuka. Nkhungu ikamatsika ndi kamvula kowaza, chotchinga chija chinkachotsedwa, kabowo ka zenera n'kutsekedwa ndi chiguduli, ndipo dzuwa likangoti tulukire aliyense ankathamangira kukaliwothera pakhonde. N'chifukwa chake makolo sankakonda chotchinga chokhomera ndi misomali. Ankafuna chomangira ndi luzi, choti nyengo ikasintha umasula.

Malata atafika tinasangalala, ndipo sindikunyoza, chifukwa kufolera udzu chaka ndi chaka kunali kolemetsa. Koma tinayamba kumata njerwa mpaka kugunda malata, mpata uja n'kutha, khonde n'kufupika pofuna kupulumutsa ndalama. Kenaka magalasi, kenaka katani. Katani lili m'kati, ndiye dzuwa limakhala litadutsa kale galasi ndipo kutentha kwalowa. Ukalikoka kuti kude, watsekanso mphepo. Mazenera a maluvazi anathandizako, poti umatha kuwapendeketsa, koma galasi loyera silitchinga kuwala.

Mdzukulu wanga wina ndi mlonda, ndipo amagona masana m'nyumba yamalata yoyang'ana kum'mawa. Ndinamutuma nsungwi ziwiri za kumtsinje, ndamulukira chotchinga chonga cha bambo anga, ndipo ndamuuza kuti amisiri akagumule njerwa ziwiri pamwamba pa khoma, mbali ino ndi inayo, aikepo sefa ya udzudzu.