Nedelja: tsiku losagwira ntchito

Wophunzira Chisebiya akangomvetsa liwu lakuti nedelja, masiku enawo savuta kuloweza. Liwuli linachokera ku ne, kutanthauza "ayi", ndi delo, ntchito. Motero nedelja ndi tsiku losagwira ntchito, Lamulungu. Liwu lomweli limatanthauzanso sabata yathunthu, monga momwe ife timanenera Lamulungu komanso "mulungu wamawa". Pofuna kupewa chisokonezo, ena amati sedmica, kuchokera ku sedam, 7.

Lolemba ndi ponedeljak, tsiku lotsatira nedelja. Kenaka amawerenga ngati ife: utorak ndi lachiwiri, četvrtak lachinayi, petak lachisanu. Lachitatu lokha amati sreda, "pakati".

Loweruka, subota, ndi liwu lobwereka. Gwero lake ndi Sabata ya Chiheberi, ndipo linadzera m'Chigiriki pamodzi ndi Chikhristu. Ndi mbale wake wa sabata yathuyi. Mlendo wa posachedwapa ndi vikend, "mapeto a sabata", wochokera ku Chingerezi, yemwe Asebiya amamulemba monga momwe amamutchulira.

Polemba, kumbukirani kuti maina a masikuwa amayamba ndi chilembo chaching'ono, pokhapokha akakhala koyambirira kwa chiganizo.