Kenneth Nnebue, wamalonda amene anagulitsa mantha pa kaseti

Caka ca 1992 ticikumbuka cifukwa ca mtendere. Pa 4 Okutobala boma ndi Renamo anasainirana pangano ku Roma, ndipo patapita nthawi abale athu amene anathawira ku Ukwimi, m'boma la Petauke, anayamba kubwerera kudzautsa mabwinja ao kuno ku Marávia. Caka comweco ku Lagos, m'dziko la Nigeria, munthu wina wogulitsa makaseti ndi zipangizo zamagetsi anatulutsa filimu yochedwa Living in Bondage. Kuno panalibe amene akanaisamala, anthu anali pa nchito yosema mitengo ya nyumba. Koma mafilimu a ufiti ndi mizukwa aja timati "a ciNaijeriya", amene ana athu amaunjikanira m'tinyumba ta vidiyo, muzu wao uli pa munthu ameneyu, Kenneth Nnebue.

Nnebue, wa mtundu wa Igbo, anali wamalonda wa pa msika wa Idumota. Kuyambira mu 1986 ndalama ya naira inagwa mphamvu, kujambula filimu yoonetsa m'holo kunadula koopsa, ndipo maholo ambiri a kanema anatsekedwa, ena nkusanduka machalichi. Komabe m'nyumba zambiri za m'tauni munali kale makina oonerera vidiyo. Zimakambidwa kuti iye anali ndi mulu wa makaseti opanda kanthu ocokera ku Taiwan, ndipo anaona kuti angayende malonda msanga ngati muli coonera.

Anayamba ndi magulu a zisudzo a ciYoruba, kuwajambula mochipa ndi kamera ya vidiyo. Imodzi mwa mafilimu oyambawo, ya mu 1989, dzina lake Aje Ni Iya Mi, kutanthauza kuti mai wanga ndi mfiti. Dzina lokhalo likuonetsa kuti munthuyu anadziwa kale cimene cimamasula cikwama ca wogula. Kenaka anatembenukira ku cinenero ca kwao. Nkhani ya Living in Bondage anaikonza pamodzi ndi Okechukwu Ogunjiofor, wotsogolera kujambula anali Chris Obi Rapu, ndipo ndalama zinacokera ku kampani yake, NEK Video Links.

Nkhani yake nayi. Andy Okeke wasauka mu Lagos ngakhale ali ndi mkazi wokhulupirika, Merit. Mnzake wakale, amene tsopano ndi mpondamatiki, amulowetsa m'gulu la cinsinsi la anthu olemera. Kumeneko amuuza kuti cuma cimagulidwa ndi magazi a munthu amene umamukonda koposa. Andy ayesa kucenjera, abweretsa mkazi woyendayenda nkunama kuti ndiye mkazi wake, koma mkaziyo aitana dzina la Yesu ndipo mwambo usokonekera. Pamenepo apereka Merit. Ndalama zibweradi, magalimoto, nyumba, mkazi watsopano. Koma mzimu wa Merit sumupatsa mpata, umuonekera pa cisangalalo ciliconse, mpaka Andy acita misala nkumatola zakudya m'zinyalala. Womupulumutsa ndi mkazi woyendayenda uja, amene analapa, namutengera ku mapemphero.

Wa kuno akamva zimenezi safuna womumasulira. Ndi kukhwima kuja. Ndi zija timanong'onezana munthu akamanga cigayo kapena sitolo, kuti anapereka mwana, kapena kuti ali ndi ndondoca kuseri kwa citseko. Apa ndiye panagona nzeru ya Nnebue. Zilombo za m'mafilimu a ku America zimadzidzimutsa, koma ukatuluka panja waziiwala. Mwamuna wogulitsa mkazi wake kuti alemere amakutsata mpaka pa mphasa, cifukwa nkhope yake ingakhale ya mlamu wako.

Acikulire akumbuka kuti ife a Mozambique tinali ndi kanema wathu. Titalandira ufulu mu 1975, boma linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, ndipo magalimoto ake ankayenda m'midzi kuonetsa Kuxa Kanema ndi misonkhano ya a Samora Machel. Kanema ameneyo anali wophunzitsa, ndipo ufiti ankauwerenga m'gulu la zinthu zobwezera dziko m'mbuyo. Nkhondo inatseka misewu, ndipo mu 1991 nyumba ya bungwelo ku Maputo inapsa ndi moto. Pa malo amene anatsala opanda kanthu panadzalowa kaseti ya wamalonda, pambuyo pake CD, lero memori ya m'foni. Izi sizinafune galimoto ya boma, zinafuna batire ndi kanyumba kocinga bwino.

Sitinganene kuti malondawa anali opanda banga. Filimu imene imaonetsa kuti wolemera aliyense ali ndi magazi m'manja, ndiponso kuti nkhalamba ya maso ofiira ndiyo yadya mdzukulu, imathira mafuta pa moto umene m'midzi mwathu unali kale. Woyendetsa malonda ake mwakhama amayamba kuopa kumanga nyumba ya malata, ndipo agogo opanda wowateteza ndiwo amalozedwa cala pa maliro.

Filimuyo inagulidwa kwambiri moti gawo laciwiri linatuluka mu 1993. Mu 1994 Nnebue anatulutsa Glamour Girls m'Cingelezi, cinenero cimene cinathandiza mafilimu a ku Nigeria kudutsa malire, ndipo mu 1997 anabwerera ku nkhani za nsembe za anthu ndi filimu ya Rituals. Amalonda anzake anamutsanzira mwaunyinji, okopa makaseti mwakuba nawo anadya nao phindu, ndipo pofika 2002 nchito yonseyi inali ndi dzina, Nollywood.

Mwini wake sanakhalitse pa mpando. Anasiya kupanga mafilimu nalowa nchito yolalikira uthenga wa Mulungu, kumene anathera Andy wa m'nkhani yake. Mu 2019 Ramsey Nouah anajambula Living in Bondage: Breaking Free, yoonetsa m'maholo akuluakulu, ndipo Kenneth Okonkwo anaseweranso ngati Andy, tsopano ali m'busa wa mpingo.