Nthanda

Nthanda, yomwe asayansi amaitcha Venus, ndi pulaneti lachiwiri kuchokera ku dzuwa, ngakhale ambiri amaiyesa nyenyezi. Ndiyo ija imawala kum'mawa mbandakucha, nyengo zina kumadzulo kukamayamba kuda. Kuwalako n'kwa dzuwa, komwe mitambo yochindikala ya Nthanda imabweza.

Kukula kwake n'kosasiyana kwenikweni ndi dziko lathu, koma munthu sangakhaleko. Mpweya wa carbon dioxide umatsekera kutentha mpaka kufika madigiri pafupifupi 465, kuposa pulaneti la Mercury lomwe lili kufupi kwambiri ndi dzuwa. Chodabwitsa zedi n'chakuti imazungulira dzuwa m'masiku 225, pamene kutembenuka kamodzi kokha kumaitengera masiku 243.

Mu 1970 chombo cha Soviet Union, Venera 7, chinatera kumeneko n'kutumiza uthenga kwa mphindi 23.